Giya ikukana kulowa injini ikamalira? Musathamangire kutsegula giyabokisi

Ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena aku Kasungu, ali ndi Hilux yakalekale ya manual yomwe amanyamulira fodya ndi chimanga. Akuti giya wani ndi revesi zikuvuta kulowa, revesi imachita kukukuta kuti khrrr, koma akazimitsa injini magiya onse amalowa mofewa. Makaniko wawo wanena kuti giyabokisi yatha, aitsegule. Akufunsa kuti avomere kapena ayi.

Achimwene, musavomere kaye. Zomwe mwafotokozazi zikuloza kilatchi. Injini ikakhala yozima palibe chikuzungulira mkati mwa giyabokisi ndiye giya iliyonse imalowa, koma ikamalira ntchito ya kilatchi ndi kulekanitsa injini ndi giyabokisi mukaponda pedulo, ndiye ngati sikulekanitsa bwinobwino shafiti yolowa mu giyabokisi imazungulirabe ndipo mano akukanana ndi amene mukuwamvawo. Revesi imayamba kudandaula chifukwa pa magalimoto ambiri akale ilibe synchro, timphete tija timafananitsa liwiro la magiya asanalumane. 

Yesani izi pakhomo pomwepo, ndalama sizikufunika. Lizani injini, pondani kilatchi kanayi kapena kasanu mofulumira kenako gwirani pansi mulowetse wani. Ikalowa mosavuta ndiye kuti mu paipi ya mafuta a kilatchi muli mpweya kapena timalabala ta master cylinder (kapampu ka pa pedulo) kaya slave cylinder (kamene kamakankha kilatchi) tatha. Tsegulani boneti muone kabotolo ka kilatchi pafupi ndi ka mabuleki, mumalowa brake fluid yomweyo, nthawi zambiri DOT 3 koma werengani pachivindikiro. Ngati katsika, mafutawo sanauluke, atuluka penapake. Pisani dzanja pamwamba pa pedulo pansi pa dashibodi, pakakhala ponyowa master ikudontha. Slave ili kumbali kwa giyabokisi, wina aponde pedulo inu mukuyang'ana kachitsulo kake ngati kakukankha mokwanira, mukankhenso labala lake muone ngati mkati mwanyowa. Zinthu ziwirizi zimasinthidwa giyabokisi ili pamalo pake, akamaliza atulutse mpweya basi, ndipo mtengo wake sungafanane ndi wotsegula giyabokisi.

China, imikani galimoto pamalo athyathyathya, kutsogolo kusakhale mwana, mbuzi kapena khoma. Injini ili yozima lowetsani wani, pondani kilatchi mpaka pansi, lizani. Galimoto ikamafuna kusuntha chonsecho phazi lili pansi, kilatchi ikukokabe.

Ngati mafuta ali bwino, sakudontha paliponse, slave ikukankha bwino koma vuto lilipobe, apo ndiye giyabokisi itsikedi, koma kutsitsa ndi kutsegula ndi nkhani ziwiri. Akuitsitsa kuti afike pa clutch plate yomwe mwina yapindika chifukwa chotentha, kapena pilot bearing, kabering'i kogwira nsonga ya shafiti yolowa mu giyabokisi ija, yagwira. Galimoto ya katundu ngati yanuyi zimachitika, makamaka ngati mumakwera zitunda mutaponda kilatchi theka. Akatsitsa musinthe zonse kamodzi, clutch plate, pressure plate (yomwe imapanikiza clutch plate) ndi release bearing (kabering'i kamene kamamasula kilatchi mukaponda pedulo), chifukwa mukasiya chimodzi chakale mudzalipiranso ntchito yomweyo miyezi ingapo ikubwerayi. Ambiri amaumira pa release bearing, ine sindimvetsa, kanthu kotchipa kwambiri pa zitatuzo!

Nanga giyabokisi yeniyeni imadziwika bwanji? Imasankha giya. Mupeza thu yokha kapena fili yokha ikukukuta pomwe ena onse ali bwino, makamaka mukasintha mofulumira, pamenepo ndi synchro ya giya imeneyo. Kapena giya imangodzichokera yokha mukachotsa phazi pa moto, ngakhale apanso yambani mwaona ma mounting ndi timabushi ta ndodo ya giya. Oyilo naye amanamiza anthu, akachepa kapena akakalamba magiya amalimba m'mawa kukazizira ngati mu June ku Dedza, kenako nkufewa galimoto ikatentha. Mukamusintha yang'anani wakaleyo, tizitsulo tonyezimira ngati golide ndi synchro zikudyeka. Thirani amene buku la galimoto likunena, ngati likuti GL-4 musalole wina akuthirireni wa mu difu poti ndi amene ali pafupi.

Ena amasokoneza ndi kilatchi yoterereka, imeneyo ndi ina: giya imalowa bwino koma injini imangokuwa liwiro osawonjezeka, fungo lakupsa nkumamveka pachitunda.

Pakadali pano siyani kukankha ndodo ndi mphamvu, mukutero mukupera synchro za wani ndipo makaniko uja adzakhala kuti ananena zoona. Mukafuna revesi zimitsani injini, lowetsani, kenako lizani kilatchi ili pansi phazi lina pa buleki. Mukapita ku garaja auzeni ayambire pa master ndi slave inu muli pompo, mundilemberenso zomwe apeze.