Sakudya koma akuti saopa kunenepa, ndiye chavuta n'chani?

Asisi ena amene akuphunzira ku China anditumizira imelo, akuti mtsikana wa konko amene amagona naye chipinda chimodzi watha thupi, mpunga amangotola kawiri katatu ndi timitengo tija basi n'kukankha mbale, ukamufunsa akuti ayi sindikuopa kunenepa, m'mimba mwangodzadza. Ndiye akufunsa, kodi ingakhale anorexia, matenda a maganizo odzimana chakudya mpaka kuwonda kwambiri, poti zomwe anawerenga zikuti wodwala amaopa kunenepa?

Asisi, ingakhale ndithu. Ku Hong Kong kuli dokotala wa matenda a maganizo, Sing Lee, mu 1993 analemba za odwala 70 ndipo oposa theka za kunenepa sankazitchula n'komwe, ankangoti mimba yatupa, chakudya sichikutsika, njala sindikumva, koma akuwonda mpaka mafupa kuwerengeka. Buku la madokotala a ku America lija, DSM, nthawi imeneyo linkafuna mantha a kunenepa kaye kuti anene kuti ndi anorexia, ndiye oterewa ankangowadumpha. Anadzakonza mu 2013.

Ine sizindidabwitsa. Pakhomo pomwe mwana sangauze makolo kuti maganizo andichuluka, thupi ndi lomwe limamuyankhulira, si ife tomwe timati mtima ukundithamanga pomwe vuto ndi ngongole?

Koma musaganize kuti kumeneko kulibe mpikisano wa kuwonda, ulipo heve. Mu 1994 mtsikana wa sukulu wa zaka 14 wodwala anorexia anagwa n'kumwalira mumsewu ku Hong Kong komweko, manyuzipepala anafotokoza matendawa mmene azungu amawafotokozera, ndipo zaka zotsatira Lee anayamba kuona odwala ambiri onena poyera kuti akuopa kunenepa. Mu 2016 atsikana ku China ankajambulitsa atagwira pepala la A4 pamimba kuonetsa kuti chiuno chabisika, pepala la masentimita 21 lomweli la mu printa. Ndinayesa ine, linangobisa mchombo. Ndiye musamale ndi kamwa yathu ija ya "mwanenepatu, zikukuyenderani", kwathu ndi kuyamikira koma iye angapite nayo kukalira kubafa.

Za kulemera kwake musalimbane naye, komanso musakhale wapolisi wa mbale yake. Yambirani pa m'mimba pomwe iye akudandaulapo, muuzeni kuti tiye ndikuperekeze kuchipatala cha pasukulu akaone mimbayo, dokotala akamuyeza aona yekha zinazo. Koma akayamba chizungulire, kukomoka, kumva kuzizira ena akutuluka thukuta, tsitsi kuthothoka kapena wasiya kupita kumwezi, musadikire kuti avomere, kauzeni woyang'anira hositelo tsiku lomwelo olo akukwiyireni.