Funsani adokotala: Atawasintha valuvu ya mtima, mtsempha unatsekeka

Adokotala, bambo anga anapita ku India kukasinthidwa valuvu ya mtima koma tsiku lomwelo BP inatsikiratu mpaka anawathamangitsiranso ku fiyeta, akuti mtsempha watsekeka ndiye anaikamo stent, kachubu ka waya kotsegula mtsemphawo. Panopa ali pakhomo akumwa warfarin ndi clopidogrel koma akamatsuka mkamwa mukumatuluka timagazi, achemwali akuti asiye kaye amodzi. Kodi madokotala aja analakwitsa? Tiwasiyitse?
Wodandaula, Zomba

Pepani achimwene, koma chonde musawasiyitse olo tsiku limodzi musanaonane ndi dokotala wa mtima.

Mtima nawo umadya magazi kudzera mmitsempha iwiri, wakumanzere ndi wakumanja, ndipo makomo ake ali pompo pamwamba pa valuvu ya aorta (mtsempha waukulu wotulutsa magazi mumtima), mwina sentimita imodzi ndi pang'ono basi. Ndiye poika valuvu yatsopano pamalo opanikizika choncho nthawi zina mkombero wake umaphimba khomo, kapena kachidutswa ka kashiamu kochoka pa valuvu yakale kamagwera mkati, kapenanso magazi kuundana. Sizichitika kawirikawiri, pa njira yolowetsa valuvu ndi kachubu kudzera mphechepeche yotchedwa TAVI sizifika olo munthu mmodzi pa 100 alionse, koma zikachitika zimapha msanga. Ine ndikuona kuti madokotala aja anachita bwino kuzindikira changu. Stent ikakanika amachita bypass, kutenga mtsempha wa pamwendo kapena mchifuwa nkulambalala potsekekapo.

Mankhwala awiriwo onse amaletsa magazi kuundana koma ntchito zawo nzosiyana. Clopidogrel akuteteza stent kuti isatsekeke, warfarin akuteteza valuvu, ndipo ngati ili yachitsulo, ija imamveka kuti thi thi usiku kukakhala zii, warfarin ndi wa moyo wonse. Timagazi tamkamwa tikutiuza kuti akayezetse INR, muyezo woona kuti magazi akuchedwa bwanji kuundana, sabata ino, pa valuvu yachitsulo ya aorta nthawi zambiri timafuna pakati pa 2 ndi 3. Agulireni mswachi wofewa, Brufen ndi diclofenac ayi, zitsamba nazo ayi.

Akamva chifuwa kulemera ngati atsikizidwa thumba la chimanga, thukuta lozizira, befu, kukomoka, kapena chimbudzi chakuda bii ngati phula, musadikire kuche, thamangani nawo kuchipatala chachikulu ndipo mapepala onse aku India aja akhale mmanja.