Mwana wanga akufuna kusiya sukulu kuti akachite zisudzo

Mayi wina akudandaula kuti mwana wake wamkazi wa Fomu 3 anaonera pa intaneti filimu yakale ya ku America, Babes on Broadway, ndipo tsopano akuti sukulu ikumutayitsa nthawi chifukwa munthu waluso amatulukiridwa basi. Akufunsa ngati amuletse.

Mayi, musamuletse msanga. Khalani naye pansi muonerere limodzi mathero a filimuyo. Inatuluka kumapeto kwa 1941, America itangolowa kumene m'nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ndipo inapangidwa ndi kampani ya MGM motsogozedwa ndi Busby Berkeley. Achinyamata osauka a ku New York akonza chionetsero m'nyumba yakale ya zisudzo, kenako mkulu wina wandalama aona luso lawo, n'kuwatengera ku Broadway, dera la nyumba zikuluzikulu za zisudzo mumzindawo. Anthu a nthawi imeneyo ankafuna zosangulutsa mtima, n'chifukwa chake zonse zimatha bwino.

Chimene filimuyo sionetsa ndi moyo weniweni wa amene anasewera mbali zikuluzikulu, Mickey Rooney ndi Judy Garland. Mickey Rooney anabadwa mu 1920 kwa makolo ochita zisudzo, ndipo anayamba kukwera pasiteji akadali khanda loyenda dededede. Judy Garland, wobadwa mu 1922, ankaimba ndi akulu ake kuyambira ali ndi zaka ziwiri, ndipo MGM inamulemba ntchito mu 1935 ali ndi zaka 13. Pofika 1941 onse awiri anali atatha zaka zambiri akuphunzitsidwa kuimba ndi kuvina tsiku ndi tsiku. Palibe amene anangowatola pamsewu. Garland anafotokoza yekha pambuyo pake kuti ankapatsidwa mapiritsi oti agwire ntchito maola ambiri ndi ena oti agone. Anamwalira ku London mu 1969 ali ndi zaka 47.

Pali chinanso choti mwana wanu aone ndi maso ake. M'chionetsero chomaliza, azungu aja amadzipaka zakuda kumaso n'kumatsanzira anthu akuda mwachipongwe, mwambo umene unkaseketsa anthu kalelo koma lero ndi chamanyazi. Mumufunse kuti iyeyo akanalandira gawo lanji pasiteji imeneyo.

Luso lake musalinyoze. Alowe kalabu ya zisudzo kapena kwaya ya pasukulu pake, apikisane nawo, aone ngati angapirire kubwereza mzere umodzi kakhumi madzulo anzake akusewera. Ambiri amagwera pamenepo, ndipo ndi bwino kudziwa zimenezi ali pa Fomu 3. Akakhoza bwino MSCE, makamaka Chingerezi, angathe kupempha malo ku University of Malawi ku Zomba, kumene amaphunzitsa zisudzo ndi nyimbo. Ku Lilongwe kulinso sukulu ya nyimbo ya Music Crossroads kwa amene mtima wawo uli pa zoimba.

Sukulu idzamuthandiza kwambiri tsiku limene wina adzamuike pepala la mgwirizano patsogolo. Ayenera kutha kuwerenga kuti alipidwa zingati, kwa nthawi yaitali bwanji, ndiponso kuti nyimbo kapena sewerolo likhala la ndani. Akayamba kupeka zake, akazilembetse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso. Panopa, poti sanakwane zaka 18, asasaine chilichonse inu musanawerenge.