Java ya m'kalasi, PHP ya kuntchito

Mnyamata wina wa chaka chachitatu m'maphunziro a kompyuta wanditumizira imelo. Akuti kukoleji akuphunzira zilankhulo zolembera mapulogalamu za C++ ndi Java, koma zotsatsa ntchito zonse zikufuna ma framework (zida zokonzakonza zomangira mapulogalamu) a Laravel, React ndi Flutter. "Kodi fizi ya makolo anga ikungolowa m'madzi?" Achimwene, mwandikumbutsa zambiri.

Kukoleji kwathu mayeso a chilankhulo cha C tinkalemba papepala ndi bolopeni. Ukaiwala semicolon, alekichala ankadula malikisi ngati compiler (pulogalamu yomasulira code, imene imakana code yolakwika) ndi iwowo. Magetsi akathima, labu yatsekedwa, aliyense kuhositelo. Nditayamba ntchito anandipatsa sisitimu ya m'chilankhulo cha PHP yolembedwa ndi munthu amene anachoka kalekale, yopanda comment (mawu ofotokozera code) ngakhale imodzi, ma variable ake maina osamveka ngati a, b ndi temp2. Abwana anangoti, "Malipoti sakutuluka, takonzani." Thukuta linatuluka nyengo yozizira. Ndinkatukwana koleji chamumtima.

Koma lero ndikukana kuti vuto ndi C kapena Java. C ndi ya 1972, ndipo mtima wa Linux, sisitimu yoyendetsa makompyuta, udakali wolembedwa momwemo. Java inatuluka mu 1995, koma DHIS2, imene Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsira malipoti a zipatala, ili mu Java. Chilankhulo cha COBOL cha 1959 chikuwerengabe ndalama m'mabanki akuluakulu ku America. A Baobab Health anamanga makina ogwira ndi chala a m'makiliniki a ma ARV pa framework ya Ruby on Rails, chinthu chimene pa silabasi yathu panalibe n'komwe. Koleji ikamathamangitsa framework iliyonse yatsopano, silabasi isanavomerezedwe n'komwe fashoni idzakhala itasintha.

Chimene chimandipsetsa mtima n'china. Munthu amamaliza digiri asanagwirepo Git (chida chosungira code ndi kutsata zosintha zake), asanawerengepo code ya mnzake, SQL (chilankhulo cha ma database) akuidziwa ya pabolodi yokha. Uku ndiye kulakwira ana a eni. Nawonso olemba ntchito asadzione ngati oyera. Mukufuna intern wodziwa zinthu khumi, wa zaka zisanu pantchito, malipiro ake osakwana minibasi ya ku Area 25? Mumuphunzitse nokha, ndi mmene anzanu amachitira.

Nanga mutani?

Java musaisiye, ma data structure (njira zosanjira data mu pulogalamu) muwagwire zolimba. Pa holide sankhani chimodzi, kaya Laravel, mupangire golosale ya azakhali anu kapulogalamu kolembera ngongole, mukaike pa GitHub, webusayiti yoikapo code. Ku intaviyu muzikaonetsa kameneko.