Wophunzira mmodzi, mizere 12

"Ndili m'chaka chachiwiri, ndikuphunzira za makompyuta. Pokonzekera intavyu ya ntchito ndinalumikiza matebulo atatu: la ophunzira, la maphunziro amene aliyense akutenga, ndi la malipiro a fizi. Nditalemba COUNT(*), chiwerengero cha ophunzira chinakwera mosadziwika bwino. Ndinalakwitsa pati?"

COUNT, lamulo lowerengera mu SQL (chiyankhulo chofunsira zimene zili m'matebulo a pakompyuta), sinakunamizeni. Imawerenga mizere, osati anthu, ndipo mizereyo munaichulukitsa nokha. Tengani wophunzira mmodzi amene akutenga maphunziro 3 ndipo analipira fizi maulendo 4. JOIN, lamulo lolumikiza matebulo, imatenga phunziro lililonse n'kuliphatikiza ndi malipiro onse anayi, ndiye munthu yemweyo amatuluka m'mizere 12.

Mukafuna kudziwa kuchuluka kwa ophunzira, COUNT(DISTINCT ophunzira.id), imene imawerenga id (nambala yozindikirira wophunzira) iliyonse kamodzi kokha, ikukwanira. Koma musaizolowere ngati mankhwala a nthenda iliyonse. Tinene kuti ulendo uliwonse ankalipira 50. Zonse pamodzi ndi 200, koma SUM, yophatikiza manambala, ikupatsani 600, chifukwa malipiro alionse abwerezedwa katatu. Mukathawira ku SUM(DISTINCT) mupeza 50, poti manambala ofanana imawatenga kamodzi kokha. Apa m'pamene ambiri amagwera, chifukwa kompyuta sidandaula, imangotulutsa nambala yooneka bwinobwino.

Njira imene ine ndimaikhulupirira ndi kuwerengeratu tebulo lililonse palokha. Lembani subquery (funso laling'ono la SQL lolembedwa mkati mwa lina), kapena WITH ngati mumaikonda, yophatikiza malipiro ndi GROUP BY pa id ya wophunzira, inanso ya maphunziro. Mukatero mbali iliyonse imakhala ndi mzere umodzi pa munthu, ndipo polumikiza palibe chochulukana.

Palinso wophunzira amene sanalipirepo. INNER JOIN imamutaya osakuuzani. LEFT JOIN imamusunga, koma mukalumikiza tebulo la ophunzira ndi la malipiro okha, COUNT(*) inena kuti ali ndi malipiro 1, chifukwa mzere wake ulipo ngakhale uli ndi NULL, kutanthauza kuti mulibe kanthu. Lembani COUNT(malipiro.id), imene imadumpha NULL, mupeze 0.

Ofunsa pa intavyu amalikonda funsoli, ndipo sindikuwada. Oloweza malamulo a SQL ndi ambiri, koma woti angamudalire pa lipoti la ndalama ndi amene amakayikira nambala yake. Ndiye tsikulo musangolemba query n'kukhala chete. Auzeni kuti mzere umodzi m'tebulo lililonse ukuimira chiyani, werengani mizere musanalumikize ndiponso mutalumikiza, kenako sankhani wophunzira mmodzi ndi WHERE n'kuwaonetsa mizere yake yonse 12 pa sikirini.