Zomera padenga la konkire: nanga silidzadontha?

Bambo wina wa ku Blantyre watilembera imelo. Ali ndi denga la konkire lathyathyathya, akufuna kudzalapo zomera kuti m'nyumba musamatenthe, koma akuopa kudontha. Akufunsa zoyala ndi ndondomeko yake.

Bambo, musanagule kanthu itanani injiniya aone silabuyo. Dothi lopepuka lokuya masentimita 10 likakhuta madzi limalemera makilogalamu 120 mpaka 150 pa sikweya mita imodzi.

Akavomera, pakani matope a simenti opendekera kumapaipi otaya madzi: pa mita iliyonse atsike masentimita 2. Akauma, matani chinsalu cha phula chowotcha ndi gasi, magawo awiri, lapamwambalo likhale losabowoledwa ndi mizu. Phula wamba mizu imalilowa, makamaka m'misoko.

Apa ndiye mumvetsetse. Madenga otere kawirikawiri sadontha pakati, amadontha m'mphepete ndi pakamwa pa paipi. Chinsalucho chikwere khoma la m'mphepete mwa denga mpaka chipitirire dothi ndi masentimita 15, kuyeza kuchokera pamwamba pa dothi, osati pa konkire. Amisiri ambiri amaphonya pamenepa, ndipo mvula ya Januwale ikadzaza denga madzi amalowera kuseri kwa chinsalu. Nsonga yake ilowe mumng'alu wosemedwa pakhomalo, ivindikiridwe ndi lata. Mukatero tsekani mapaipi, thirani madzi, akhale maola 48 mukuyang'ana kudenga m'nyumba. Musadumphe izi chonde. Kusaka bowo dothi litathiridwa kale ndi ntchito yowawa.

Pamwamba pa phula yalani mabolodi a XPS (pulasitiki wa thovu wolimba) a masentimita 5 otchinga kutentha. Samwa madzi, komanso amateteza phula ku fosholo. Kenako nsalu yolola mpweya, pulasitiki wa timabowo ngati thireyi ya mazira woyendetsa madzi, ndi nsalu yosefa, yopiringizana masentimita 15 polumikiza.

Katondo wa m'munda ayi. Ndi wolemera, ndipo amatseka sefayo mpaka madzi kuima. Phwanyani njerwa zowotcha, sefani fumbi, sakanizani magawo anayi a njerwa ndi gawo limodzi la kompositi.

M'mbali monse ndi kuzungulira mapaipi siyani mzere wa miyala ya kwale wa masentimita 30, wopanda chomera. Paipi iliyonse ikhale ndi kabokosi kotsegula pochotsa masamba, ndipo pakhoma pakhale kapaipi kena kotaya madzi paipi yaikulu ikatsekeka.

Dzalani zosunga madzi m'masamba monga aloe, chifukwa kuyambira Meyi mpaka Okutobala mvula imasowa. Kapinga angafune kuthirira pafupipafupi, ndipo akauma sachedwa kugwira moto.