Mafunso a Owerenga: Makina Ojambulira pa DVD M'malo mwa Matepi a Vidiyo

FUNSO: Akonzi, ndili ndi matepi a VHS ambiri ndithu omwe muli ukwati wathu komanso ana athu ali aang'ono. Makina owonetsera matepiwa ayamba kutafuna tepi, ndipo ndikuopa kuti zonsezi zindithera. Ndamva kuti pali makina ojambulira pa DVD osadalira kompyuta. Kodi angalowedi m'malo mwa makina a tepi, nanga ndingathe kusamutsa zithunzizi ndekha? — Mayi wa ana atatu

YANKHO: Mayi, choyamba musaikenso tepi ina iliyonse m'makina amenewo kufikira mmisiri atawaona, chifukwa tepi ikatafunidwa siibwereranso mwakale, ndipo pamalo pamene yakhwinyatapo chithunzi chizingonjenjemera nthawi zonse. Kawirikawiri vuto limakhala lamba wa m'kati amene watha kapena kagudumu ka labala komwe kamakoka tepi, ndipo izi zimatheka kukonzedwa. Makinawo muwafunabe, popeza ndi amene adzawerenge matepi anu pa tsiku losamutsa.

Pa funso lanu lenileni, yankho ndi lakuti inde, ndipo ntchitoyi mukhoza kuigwira nokha. Matepi a VHS anayambitsidwa ndi kampani ya JVC ku Japan mu 1976 ndipo analamulira m'makomo kwa zaka zoposa 20. Kampani ya Pioneer inatulutsa makina oyamba ojambulira pa DVD a panyumba mu 1999, kenako Panasonic mu 2000 ndi Philips mu 2001. Kampani ya Funai, yomwe inali yomaliza kupanga makina a VHS, inasiya mu 2016. Izi zikutanthauza kuti makina a tepi omwe alipo lero akungokalamba popanda olowa m'malo, choncho nkhani yosamutsayi si yozengereza nayo.

Kusiyana kwa makina awiriwa kwagona pa kukhudzana. M'makina a VHS muli mutu wozungulira umene umakhula tepi nthawi iliyonse mukamaonera, moti kuonera kulikonse kumaperepesa tepiyo pang'ono. Makina a DVD amalandira chithunzi, n'kuchisandutsa manambala mwa njira yotchedwa MPEG-2, kenako n'kuchilemba pa chimbale ndi kuwala kwa laser, ndipo poonera palibe chimene chimakhudza chimbalecho. Simudikiranso kubweza tepi kumayambiriro, ndipo mukhoza kudumphira pa gawo lililonse ndi rimoti.

Kulumikiza kwake n'kosavuta. Tengani chingwe cha mitu itatu chija, wachikasu wa chithunzi, wofiira ndi woyera ya mawu, muchilowetse kumbuyo kwa makina a tepi pamene palembedwa OUT, mbali inayo ku makina a DVD pamene palembedwa IN. Sankhani khomo limenelo pa rimoti, ndipo chithunzi cha tepi chikaoneka pa TV, yambani kujambula. Dziwani kuti palibe njira yachidule: tepi ya maola 3, ija yolembedwa E-180, idzatenga maola 3 omwewo. Musanaike tepi iliyonse, isuzumireni pa kawindo kake. Mukaona timadontho toyera pa mpukutu wa tepiyo, ndiye kuti yachita chuku, ndipo ikalowa m'makina idetsa mutu uja n'kupatsira matepi ena onse.

Pamene anthu ambiri amalakwitsa ndi posankha kutalika kwa nthawi yojambula, ndipo apa ndikupemphani kuti mumvetsere bwino. Chimbale wamba chimasunga 4.7 GB basi, ndipo makina amakupatsani mwayi wosankha XP ya ola limodzi, SP ya maola 2, LP ya maola 4, kapena EP ya maola 6. Malo a pa chimbale sasintha, choncho mukamachulukitsa maola, makinawo amachepetsa zimene akusunga pa sekondi iliyonse. Tepi yakale imakhala ndi timchenga tothwanima pa chithunzi, ndipo makina sasiyanitsa timchengato ndi nkhope ya munthu, amangoyesetsa kusunga zonse. Zotsatira zake n'zakuti pa LP kapena EP, anthu akayamba kuvina kapena wojambula akagwedeza kamera, nkhope zimasweka n'kukhala timabokosi. Ine ndimalangiza SP nthawi zonse, ndipo tepi ya maola 3 muigawe pa zimbale ziwiri. Chimbale china n'chosavuta kuchipeza, pamene nkhope ya kholo limene linatisiya simungaijambulenso.

Musayembekezere kuti chithunzi chikongola kuposa mmene chilili pa tepi. VHS imaonetsa mizere pafupifupi 240 yokha, ndipo ngakhale DVD imatha kusunga chithunzi chowala kwambiri kuposa pamenepo, singawonjezere chimene tepi inalibe. Phindu lake ndi lakuti kuwonongeka kwa chithunzicho kumaimira pomwe mwajambulirapo.

FUNSO: Ndinajambula zimbale zingapo ndipo zikuonetsa bwinobwino pa makina amene ndinajambulira, koma nditatumiza kwa mchimwene wanga, makina ake akungonena kuti mulibe kanthu. Chalakwika n'chiyani? — Bambo wodandaula

YANKHO: Bambo, zithunzi zanu zilimo, musade nkhawa. Chimene chikuoneka kuti chinatsala ndi kutseka chimbalecho. Mukamaliza kujambula pa chimbale cha mtundu wa DVD-R kapena DVD+R, makina amachisiya chotsegula poganiza kuti mwina muwonjezerapo zina, ndipo amakhala asanalembe mndandanda umene makina ena amawerenga kuti adziwe pamene kanema wayambira ndi pamene wathera. Itanitsani zimbalezo, muziikenso m'makina anu, ndipo pa menyu mufufuze pamene palembedwa Finalize. Zimatenga mphindi zochepa, koma magetsi asazime m'katikati. Ntchito imeneyi imayenera kuchitikira pa makina omwe anajambulawo, ndiye muzitseka chimbale chilichonse tsiku lomwelo, chifukwa makinawo akadzawonongeka zimbale zili zosatseka, kupulumutsa zithunzizo kumafuna katswiri wa kompyuta.

Ngati mwatseka koma vuto likupitirira, yang'anani mtundu wa chimbale. Makampani sanagwirizane pa mtundu umodzi, n'chifukwa chake pali DVD-R ndi DVD+R zojambula kamodzi kokha, DVD-RW ndi DVD+RW zofufutika pafupifupi ka 1,000, komanso DVD-RAM imene Panasonic inkailimbikitsa, yomwe makina ambiri owonetsera saiwerenga n'komwe. Pa DVD-RW pali njira ziwiri zojambulira, VR ndi Video. Ya VR imalola kudula ndi kukonza kanema mosavuta, koma makina akale ambiri amaikana. Chimbale chopatsa munthu wina chizikhala DVD-R yojambulidwa mwa njira ya Video.

FUNSO: Kodi ndingajambulenso mapulogalamu a pa TV ndi mafilimu a pa matepi ogula? — Wowerenga wachinyamata

YANKHO: Mapulogalamu a pa TV mukhoza kujambula, koma makina ambiri akale amangogwira masiteshoni a analogi, choncho kumene mawailesi anasamukira ku dijito muyenera kudutsira pa dekoda ndi chingwe cha mitu itatu chomwe chija, ndipo chithunzi sichidzakhala cha HD. Matepi ambiri ogula ali ndi chitetezo chotchedwa Macrovision, ndipo makina akachizindikira amakana kujambula, popeza mafilimuwo ali ndi eni ake.

FUNSO: Ndamaliza kusamutsa matepi anga onse. Kodi tsopano ndiwataye kuti ndipeze malo m'kabati? — Agogo opuma pa ntchito

YANKHO: Agogo, chonde musawataye. Anthu ambiri amakhulupirira kuti chimbale sichifa, koma zimbale zojambula panyumba n'zosiyana ndi zodindidwa ku fakitale. M'kati mwake muli utoto wopyapyala umene laser imawotcha polemba, ndipo utoto umenewu umafooka ndi dzuwa, kutentha komanso chinyezi. Kawonongekedwe kakenso n'koopsa kuposa ka tepi: tepi yokalamba imaonetsabe chithunzi ngakhale chofooka, pamene chimbale chikakalika pamalo olakwika chimatha kuima pakati pa kanema kapena kukaniratu kutsegula. Komanso makina a DVD omwewa akusowa pamsika chaka ndi chaka, ndipo makompyuta ambiri atsopano sabweranso ndi polowetsera chimbale.

Chimene ndingakulangizeni ndi kukhala ndi zimbale ziwiri za tepi iliyonse yofunika, china n'kuchisungitsa kwa wachibale, kenako mupemphe mdzukulu wanu akopere foda yotchedwa VIDEO_TS ya m'chimbale chilichonse n'kuiika pa hard disk. Polemba dzina ndi chaka gwiritsani ntchito cholembera chofewa cha zimbale, osati bolopeni, ndipo musamatepo pepala chifukwa limachititsa chimbale kupendama chikamazungulira. Zimbale ndi matepi omwe muziimike choimirira m'zikuto zake, pamalo ouma ndi ozizira, matepiwo atabwezedwa kumayambiriro komanso ali kutali ndi masipika, popeza maginito a m'masipika amatha kufufuta zimene zili pa tepi.